Bondo la a Yobu Lili M'manda

"Odi! A Yobu alimo?"

Mawuwo atangotuluka, Simoni anadzigwira pakamwa. Dzana lomweli iyeyu, msodzi wa manja ngati nkhafi, anali kutsogolo kwa onyamula bokosi la a Yobu. Koma pakamwa sipamva za maliro msanga.

Azimayi amene anali pakhonde anaweramitsa mitu. Wina anatsokomola, chitsokomolo chija chobisira phwete.

"Pepani, pepani, n'kuzolowera," anatero Simoni akunyonyomala. "Ndimati ndifunse za madziwa. Ruo akulira moipa chitulukireni dzuwa. Tichoke kapena tikhale?"

Kwa zaka makumi awiri funso limenelo linali ndi mwini wake m'mudzi uno wa kwa Mlolo, ndipo mwini wakeyo anali atagona kumanda masiku awiri tsopano, atavala buluku lomanga ndi luzi. Tsiku lowaveka anthu anasanthula nyumba yonse, lamba wawo osaoneka.

Mai Dailesi, mkazi wamasiyeyo, anali pamkeka pafupi ndi chitseko, miyendo chotambasula, maso ali pa zala zakumapazi. Mwana wawo wamwamuna, Wiliyamu, kalaliki wa zothirira ku esiteti ya nzimbe, anakhala pansi pa mtengo wa bwemba atatsamira bwato. Inde, bwato, pabwalo la nyumba. Masabata awiri apitawo a Yobu, akudwala kale, anavutitsa anyamata asanu ndi mmodzi kuti alikoke kuchoka kudooko, akuti akufuna kulimata. Sanalimate. Anangolivundikira ndi milaza, ndipo nkhuku zinayamba kuikira pansi pake.

"Geji ikuti bwanji?" anafunsa a Kalioti, mng'ono wa malemu, amene anali mwini maliro.

Anastazia, mlongo wake wa Wiliyamu, anali akungofika kuchokera kumtsinje, chitenje chili thapsa mpaka m'maondo. Chiyambireni kudwala kwa bambo ake ndiye ankapita kukawerenga geji, thabwa loyera la manambala lija boma linazika m'mphepete mwa Shire.

"Folo poyinti sikisi," anatero.

"Ndiye mwamva nokha, a Simoni," anatero a Kalioti. "Mzere wofiira uli pa faifi. Pansi pa mzere palibe chigumula. Boma linajambula, ife ndife ndani? Tikhale."

Simoni anakanda kumutu. "A Yobu sankayankha choncho."

"Ankayankha bwanji?"

"Ankati... pang'ono."

Apa mayi wa chitsokomolo uja analephera kudzigwira, phwete linatuluka, kenako linasanduka kulira.

Zoona zake n'zakuti a Yobu sananenepo kuti inde kapena ayi chibadwire. Mai Dailesi ali mtsikana anawafunsa ngati amawakonda, iwo anati, "Ndithu ndithu, koma tione mvula ikatha." Chaka china atcheyamani a chipani anawaitanitsa kuti anene ngati madzi adzasokoneze msonkhano wa Loweruka. A Yobu anati adzasokoneza pang'ono. Masiku amenewo tcheyamani sunkamuyankha kuti pang'ono. Anawakhazika padzuwa tsiku lonse kuti aphunzire kuyankha bwino. Loweruka lija madzi anabwera, nafika atcheyamani mu akakolo basi, osapitirira. Anthu anaseka chamumtima mpaka nthiti kuwawa, chifukwa poyera sukanayerekeza.

Ngakhale sabata yatha, mai Dailesi atawagwira dzanja n'kuwafunsa kuti, "Bambo a Wiliyamu, kodi mukufa?" iwo anatsegula diso limodzi nati, "Pang'ono."

Munthuyu anali ndi mabuku awiri. Loyamba linali la boma, lolembamo manambala a geji sikisi koloko m'mawa ndi sikisi koloko madzulo. Lachiwiri linali lawolawo, kope lakuda ndi utsi, ndipo linkayenda limodzi ndi thabwa la bawo. M'mawa uliwonse akabwera kumtsinje ankakhala pansi pa bwemba n'kumaika nkhomo m'maenje a thabwalo ali okha. Alendo ankati mkuluyu mutu suli bwino, akusewera bawo ndi mizimu. Akatha, ankauza mudzi chochita, ndipo m'zaka makumi awiri zonsezo palibe munthu wa m'mudzi uno amene anapita ndi madzi.

Simoni atachoka wopanda yankho, Wiliyamu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lija ndi thabwa la bawo.

"Ukufuna kutani nazo?" anafunsa Anastazia. "Si iwe unkati n'zaufiti wa anthu osaphunzira?"

"Sindinati ufiti."

"Unati chiyani?"

"Ndinati masamu sadziwa pang'ono." Wiliyamu anapukuta fumbi pa thabwalo ndi mkono wa shati. "Khala pansi, ndikuuze china chake. Mwezi watha injiniya wathu anandibwereka magazini. Muli nkhani yoti ku Japani ayamba kuyendetsa sitima ndi masamu achilendo. Masamu ake safunsa kuti sitima ikuthamanga, inde kapena ayi. Amafunsa kuti ikuthamanga motani: pang'ono, ndithu, kwambiri. Chilichonse amachipatsa mlingo wake, kenako amaphatikiza milingoyo ndi malamulo, n'kupeza chochita. Akuti ngakhale mitsinje ndi nyengo angathe kuziwerenga motero, chifukwa zinthu zimenezi zilibe mzere umodzi. Ndikuwerenga choncho, thukuta linandituluka. Ndinati amenewa si adadi awa?"

"Ndiye unawauza?"

"Ndimati ndidzawauza pa Isitala."

Anastazia anangokoka thabwa lija kuti likhale pakati pawo.

Tsamba loyamba la kope linali ndi mayina a maenje asanu ndi limodzi, m'zilembo zopendekera za a Yobu. Kufiira kwa Ruo. Kudzaza kwa Shire. Zinyalala zochokera kumapiri. Mayendedwe a namasupuni. Nyerere. Bondo. Dzenje lililonse linkalandira nkhomo kuyambira pa kupanda kanthu mpaka khumi. M'munsi mwake munali malamulo. *Ruo akafiira kwambiri ndipo Shire ali wodzaza pang'ono, tsata chochepacho. Anthu awiri akasenza mtengo amayenda liwiro la wofooka.* Lina linati: *Nyerere kapena bondo, tsata chimene chikufuula kwambiri.*

"Ndi zomwezi," anatero Wiliyamu. "Ndi zomwezi zenizeni. Tiye kumtsinje."

Anapita. Anaima pamtunda pamene madzi a Ruo amakumana ndi a Shire, ndipo mkangano unayambira pomwepo.

"Kufiira uku ndi eyiti," anatero Wiliyamu.

"Eyiti? Iwe unaonapo eyiti? Iyi ndi faifi. Eyiti imakhala ngati phala la mawere."

"Nanga izi si ngati phala la mawere?"

"Izi ndi ngati tiyi wa amayi akaika mkaka wochepa."

Thunthu la nthochi linadutsa likugubuduka, kenako lina, kenako mbuzi yakufa miyendo ili m'mwamba.

"Mbuzi ndi nkhomo zingati?" anafunsa Wiliyamu.

"Sindikudziwa. Ine ankangondituma manambala a boma. Zinazi ankaona okha ali pakhonde, kapena kundifunsa kuti madzi akununkha bwanji."

"Akununkha bwanji?"

Anastazia ananunkhiza. "Ngati madzi."

Namasupuni, zomera zoyandama zija, zinali kuyenda mwaulesi, osathamanga ngati masiku onse. Anagwirizana pa sikisi, osati chifukwa ankadziwa, koma chifukwa anatopa kukangana. Pobwerera anapeza nyerere zikukwera nsanamira ya nkhokwe zitanyamula mazira ake oyera, koma mzere wake unali umodzi wokha. Kodi mzere umodzi ndi pang'ono kapena ndithu? Kope silinanene. Mwini wake sankafunika kudziuza zimenezo.

Atakhalanso pansi pa bwemba anaika nkhomo m'maenje asanu. Dzenje lachisanu ndi chimodzi linawayang'ana lili yasa.

"Bondo," anawerenga Wiliyamu. "Bondo la chiyani?"

"Lawo. Lakumanzere. Linkawawa mvula ikamagwa ku Mulanje, ngakhale kuno kuli dzuwa phwee."

Wiliyamu anayang'ana njira ya kumanda, nayang'ananso dzenje lija.

"Ndiye bondo lili m'manda."

"Yesa lako," anatero Anastazia.

Wiliyamu anagwiradi bondo lake, nalisisita, nalipinda. Linali bondo la kalaliki, lopanda nkhani ina iliyonse.

Anawerengera ndi pensulo kuseri kwa kope. Akatenga maso a Anastazia, n'kuti bondo silikuwawa, yankho linkatuluka folo. Akatenga maso ake, n'kuti bondo likuwawa kwambiri, linkatuluka naini. Anabwereza katatu. Folo mpaka naini. Kunali ngati kuuza munthu kuti mkazi wako ali pakati pa Nsanje ndi Blantyre, kamuchingamire.

Tsamba lomaliza ndi limene linali ndi zochita. *Zitatu: mbuzi zipite kumtunda. Zisanu: mbewu ndi ana. Zisanu ndi ziwiri: azimayi onse. Zisanu ndi zinayi: ine.* Pafupi ndi mawu oti *azimayi onse* panali mawu ena owonjezera, a inki yatsopano, olembedwa ndi dzanja lofooka: *kupatula mmodzi.*

"Kupatula ndani?" anafunsa Wiliyamu.

"Kaya. Mwina mai Teresa, amene anawathira madzi otsukira nsomba aja."

Sanaseke. Anastazia anatseka kope.

"Achimwene, taona. Ngakhale titenge chochepetsetsacho, folo yadutsa kale pa zitatu. Mbuzi zinayenera kupita kale. Adadi sankadikira kuti adziwe zonse. Ankasamuka pang'onopang'ono."

Anatumiza mawu kwa Simoni kuti mbuzi ziyambe kupita, ndi ana omwe, poti zisanu sizinali patali. Mudzi sunafunse kuti wanena ndani. Unangomva kuti thabwa la bawo layankhula, ndipo pofika masana njira ya kumtunda ku Muona inali itadzaza mbuzi, mitolo, ana obereka anzawo, ndi wailesi yokulunga m'chitenje ngati khanda. Azimayi a pakhonde aja anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, aliyense akuti akukangoona nkhuku abweranso.

Vuto linatsala pamkeka.

Mwambo wa kuno ngwodziwika. Wamasiye sachoka pakhomo asanametedwe. Akachoka ndi tsitsi la maliro, imfa imamutsatira ngati galu n'kukalowa naye m'nyumba za eni. Wogwira lumo anali mmodzi yekha, azakhali a Mariya, mlongo wamkulu wa malemu, ndipo iwo anali pa sitima yochokera ku Nsanje. Sitimayo, malinga ndi amene anabwera pa njinga, inaima ku Bangula kudikira kuti madzi aphwe pa njanji.

Wiliyamu anagwada pafupi ndi a Kalioti.

"Bambo aang'ono, amayi apite kumtunda lero. Kumeta tikachitira komweko."

"Nkhabe, sizitheka!" A Kalioti anamenya ndodo pansi. "Mwana iwe, sukulu yakudya mutu? Akalowa m'nyumba ya yani? Ndani awalandire? Mwana wa eni akangotentha thupi kumeneko, adzaloza ife mpaka imfa."

"Akagona pa sukulu."

"Pa sukulu pamene pagone mudzi wonse? Ukufuna maliro akhale angati?"

"Ndiye ametedwe pompano. Metani inuyo."

"Ine? Mlamu wanga ndimugwire kumutu ine? Iwe, usandilaule." Anapuma, mawu natsika. "Ukuganiza kuti ine sindikuwamva madziwo? Mkazi wanga ndi ana ndawatumiza kale. Ine ndatsala chifukwa cha mkulu wanga. Tandiuza chinthu chimodzi chokha. Chigumula chibwera, inde kapena ayi? Ukati inde, ndi mtima wako wonse, ine ndisenza tsoka lake, tinyamuke. Nena."

Wiliyamu anayang'ana thabwa la bawo, dzenje lopanda kanthu lija.

"Chili pakati pa folo ndi naini."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti... chikhoza kubwera. Ndithu. Kapena pang'ono."

A Kalioti anaseka kuseka kopanda mano. "Mkulu wanga akanena pang'ono, ankadziwa kukula kwa pang'ono wakeyo. Iwe ukungonena chifukwa sukudziwa."

Zinali zoona, ndipo zinamulasa. Wiliyamu anasendera kwa mayi ake.

"Amayi, tiyeni. Ndikuberekani."

Mai Dailesi anayankhula koyamba tsiku limenelo, osadzutsa mutu.

"Ndipite ndi imfa ya bambo ako kwa ana a eni? Zaka zonsezi iwo sanataye ngakhale mwana mmodzi wa m'mudzi muno. Ndiye ine ndikayambe?"

"Amayi, zimenezo n'zikhulupiriro chabe."

"Ngati n'zachabe, bwanji anzanga onse achoka osandigwira dzanja?"

Wiliyamu anakhala pansi, pafumbi. Ku esiteti akatsegula geti la ngalande madzi amapita kumene iye wafuna. Pano panalibe geti loti atsegule.

Cha m'ma fili koloko Anastazia anabwera chothamanga kuchokera ku geji.

"Ikuti bwanji?" anakuwa a Kalioti iye asanafike.

"Folo poyinti naini."

"Mwaona? Sinafike."

"Bambo aang'ono, namasupuni akubwerera m'mbuyo."

Palibe wa kuno amene amafunika kumumasulira zimenezo. Ruo akakwiya amatseka njira ya Shire ngati chidzete chogona pakhomo, ndiye Shire amabwerera kukadzaza dambo, ndipo dambo likakhuta limasanzira m'midzi. Madzi ake sabwera kuchokera kumtsinje kumene kuli geji. Amabwera kumbuyo, ngati mlendo wodziwa pakhomo.

Ndipo anabweradi chakuseri kwa bafa. Poyamba kanali kalilime kakang'ono kotsogoza zitosi za mbuzi ndi mapesi. Kanazungulira nkhokwe, kananyambita mafuwa a moto wa maliro mpaka anati tsii, kenako kanafika pamphepete pa mkeka wa mai Dailesi. Iwo anangopinda miyendo.

"Geji sinafike pa faifi," anatero a Kalioti chapansipansi, akuyang'ana madzi akulowa m'nsapato zawo za matayala. Sankauza munthu. Ankangodandaulira mzere wofiira uja, umene unali kutali uko, woumabe.

Pasanathe ola madzi anali m'misongolo, njira ya ku Muona itasanduka mtsinje. Simoni anatulukira pakati pa nyumba akupalasa bwato lake lalikulu, mutadzaza nkhalamba ndi azimayi otsalira.

"Ulendo womaliza uno! Kwerani!"

Wiliyamu anathamangira kukagwira mutu wa bwatolo. "Amayi kaye."

Mai Teresa anakumbatira mdzukulu wawo, nayang'ana kumbali. Nkhalamba ina inati, "Akakwera amenewo, ine nditsika."

"Anthu inu!" Wiliyamu anakuwa. "Si inu munkabwera pano m'mawa uliwonse kudzafunsa adadi? Si inu?"

"Mwana wanga, tikudziwa," anatero mai Teresa akulira. "Koma tsitsi lija. Tili ndi makanda muno."

Simoni anayang'ana nkhafi yake ngati yalembedwa kanthu. "Ndikawatula awa ndibwerera," anatero, koma aliyense ankaona kuti ndi madzi othamanga chotere, kupita ndi kubwera dzuwa likhala litalowa.

"Musavutike, a Simoni," anatero mai Dailesi. Anali ataimirira tsopano, atagwira nsanamira ya khonde, mkeka wawo ukuyandama pambali pawo. "Ngakhale mubwere nokha, ine sindichoka pakhomo pano."

Khoma la kuseri kwa nyumba linamveka likugumuka, phofo, ngati thumba la ufa.

Anastazia ndiye anaona nkhuku zikuthawa pansi pa bwemba. Bwato la bambo ake linali litayamba kugwedezeka lokha. Anapita akukankha madzi ndi maondo, nayamba kuchotsa milaza ija.

"Achimwene! Tabwera!"

Bwatolo linalibe mng'alu ndi umodzi womwe woti n'kumata. M'kati mwake munali chitini chotseka bwino, m'chitinimo muli machesi, mchere ndi mbatata zouma. Munali chikho chokapira madzi ndi pepala la pulasitiki lopinda bwinobwino. Pakati penipeni, chomangirira ndi waya kuti chisagwe, panali kampando kakafupi ka miyendo itatu.

"Kampando ka amayi," anatero Anastazia. "Kaja anakasowa sabata yatha n'kumanamizira ana a mai Teresa."

Wiliyamu anatsata chingwe ndi maso. Sichinamangidwe pa tsinde ngati mmene amamangira bwato aliyense. Chinakwera mpaka pa nthambi yaikulu ya bwemba, pamwamba kuposa denga la nyumba, ndipo chotsala chake chinali chokulungidwa bwino m'mutu mwa bwato, chachitali kwambiri, cholumikizalumikiza.

"Kupatula mmodzi," anatero Wiliyamu.

Anabwerera kukhonde, madzi ali m'ntchafu.

"Bambo aang'ono, mwambo umati chiyani kwenikweni? Nenani mmene umanenera."

"Wamasiye sachoka pakhomo asanametedwe."

"Bwemba uyu ali pakhomo?"

"Anabzala ndi mkulu wanga. Ali pakhomo."

"Bwato lomangirira pa bwemba wa pakhomo lili kuti?"

A Kalioti anayang'ana mtengo, nayang'ana chingwe, nayang'ana kampando kaja.

"Lili pakhomo," anatero. Kenako anapukusa mutu. "Komanso silili pakhomo. Iii, Yobu! Yobu iwe, mpaka m'manda ukutiyankhabe chonchi?" Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Alamu, kwerani. Simukuchoka. Tsoka lake likakhalapo, ndi la ine ndi mwini chingweyu."

Mai Dailesi anayang'anitsitsa kampando kaja nthawi yaitali.

"Ndinatukwana ana a eni chifukwa cha kameneka," anatero. Kenako anasiya nsanamira.

Ana awo anawagwira uku ndi uku mpaka anakhala. A Kalioti anakwera bwato la Simoni, ndipo nkhalamba ija inasendera kutali nawo ngakhale iwo sanali wamasiye.

"Ndikukatenga Mariya," anakuwa akupita. "Kaya ndiwoloka bwanji, kaya. Ndibwera naye ndi lumo lake, ngakhale pamsana. Musamasule chingwecho!"

"Mudzafika liti?" anafunsa Wiliyamu.

Yankho linapita ndi mkokomo wa madzi.

Anatsala atatu, ndi nkhuku ziwiri zimene zinakwera zosaitanidwa. Panalibe choti achite. Anaona nkhokwe ikupendekeka, ikugwada, kenako ikunyamuka ulendo ndi chimanga chonse. Anaona chitseko cha nyumba chikutseguka chokha, mabulangete ndi mipando ikutuluka pamzere ngati anthu ochokera m'tchalitchi. Thabwa la bawo, limene Wiliyamu analiiwala pansi pa mtengo, linadutsa pafupi likuzungulira, maenje ake atadzaza madzi onse mofanana. Anatambasula dzanja koma linamupitirira.

Kumanda kunkaoneka nsonga za mitengo basi.

"Awanyowetsa," anatero mai Dailesi. "Bondo lija liwawa lero."

Bwato linkakwera ndi madzi, likukokera kumwera, chingwe chikumasuka pang'onopang'ono m'mutu mwake. Nthambi za bwemba zimene ana ankaziponya miyala zinafika poti munthu n'kuthyola chipatso ali chikhalire. Wiliyamu ankakapa madzi ndi chikho ngakhale munalibe madzi okapa.

Dzuwa litapendeka, kufiira kwake kukufanana ndi kwa madzi, mai Dailesi anacheuka.

"Nthawi yakwana. Bambo anu sanaphonyepo sikisi koloko. Lembani."

Anastazia anatulutsa kope lija m'bulauzi mmene analibisa. "Tilembe chiyani, amayi? Geji yamira."

"Lemba kuti madzi adzaza."

"Kwambiri?"

Mai Dailesi anasendera kutsogolo, nayamba kusanthula chingwe chotsala m'mutu mwa bwato, mfundo ndi mfundo, kuti aone kuti chatsala chotalika bwanji. Poyamba chinali chingwe cha khonje chogula kusitolo. Kenako cha ukonde wakale. Kenako luzi lopota ndi manja, lopota molimba kumayambiriro, molobodoka kumapeto, ngati wopotayo ankapumira kawirikawiri. Pamene luzi linathera, chidutswa chomaliza chimene chinagwira mphuno ya bwato chinali chachikopa, chakuda, chokhala ndi chitsulo chake, ndi mabowo atatu atsopano oboola ndi msomali m'miyezi imene mwini wake ankawonda.

Anachisisita ndi chala chachikulu.

"Ndiye tinakuikani ndi luzi m'chiuno, inu," anatero motsitsa, osauza ana.

"Amayi, ndilembe kwambiri?" anafunsanso Anastazia.

"Lemba kuti ndithu. Chingwe chikadalipo."

Anastazia analemba. Mai Dailesi analowetsa dzanja lawo pansi pa lamba uja, nalisiya pomwepo, bwato likukwera.